Thumba Limodzi la Malemu Faisoni

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinali mesenjala m'maofesi a boma kuno ku Zomba. Ndinanyamula mafayilo mpaka phewa lakumanja linatsika, koma palibe tsiku limene ndinasainira munthu wina kapena kuyankhira dzina losakhala langa. Bodza langa loyamba kuboma ndinalinena nditapuma kale ntchito, mutu uli mbuu, chaka chimene anatiuza kuti mapepala atha ntchito, zonse tsopano zalowa m'foni.

Ine ndine Wedisoni, ndimakhala ku Sadzi. Mng'ono wanga Faisoni anakwatira kumudzi wina kuseri kwa Songani, ndipo ankalima munda wa kuchikazi. Tinkasiyana zaka ziwiri zokha, nkhope imodzi, moti pamaliro ndi pamaukwati anthu ankatisokoneza. Chaka chimenecho mu Ogasiti chifuwa chinamutenga. Anasiya mkazi wake, alamu anga a Esinati, ndi kamdzukulu ka zaka zinayi, Chisomo, kamene mayi ake anakasiya popita ku Joni n'kungoti zii.

Okutobala

Phiri linkafuka utsi tsiku ndi tsiku, osaka mbewa atayatsa tchire. Kutentha kwake nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa.

Anatiitanira pabwalo la sukulu ina pa Songani. Ine ndinapita kuperekeza alamu, poti anali akadali ndi mpango wakuda kumutu. Ife tinafika m'mawa. Akuluakulu anafika dzuwa litapendeka, pa galimoto zisanu ndi ziwiri, iliyonse munthu mmodzi ndi dalaivala wake. Iwo anakhala mutenti, mabotolo a madzi ali ndandanda patsogolo. Ife padzuwa, pafumbi.

Bwana wina wochokera ku Lilongwe, mimba itakankha tayi, anaimirira n'kukweza foni m'mwamba ngati wansembe pa guwa. Anati kuyambira chaka chino feteleza wotsika mtengo safunanso makuponi. Dzina lako lili kale m'makina. Ukafika pa depoti ungopereka chiphaso cha unzika, kalaliki achijambule ndi foni, akujambulenso iwe nkhope, basi, matumba awiri ako.

"Katangale watha! Mizere yatha! Boma tsopano lili m'manja mwanu!"

Amayi ena amene anawagawira malaya a pulogalamuyo m'mawa womwewo analulutira, monga anawauzira.

Kenako anati ationetse mmene zimayendera. Anaitanira kutsogolo abambo ena okalamba, n'kutenga chiphaso chawo. Foni inayamba kuzunguza kanthu kake kaja. Inazunguza, inazunguza. Kalaliki anakwera nayo pachulu n'kuilozetsa ku phiri, tayi ikuuluka. Bwana anaseka n'kuti, "Lero netiweki yatichititsa manyazi," ndipo anzake a mutenti anaseka naye. Abambo aja anawabweza pafumbi osawapatsa ngakhale botolo la madzi.

Atawerenga maina, la Faisoni linatuluka. Alamu anaimirira, manja atapinda pachifuwa.

"Amenewo ndi amuna anga. Anatisiya mu Ogasiti."

"Pepani kwambiri, mayi," anatero bwana uja. "Koma musadandaule m'pang'ono pomwe. Mungobweretsa setifiketi ya imfa, tisintha dzina. Ndi nkhani ya mphindi ziwiri."

Ine mphindi ziwiri za mabwana ndimazidziwa. Ndinangotsokomola.

Novembala

Kale, ndikunena zimene ndinaziona ndi maso anga, imfa inkalembedwa ndi kalata ya kumudzi, fomu imodzi ndi chidindo. Fayilo ikasowa ndinkaipeza ndine, ngakhale pansi pa kabati yodyedwa ndi chiswe. Sindikuti kale kunalibe ulesi. Unalipo wochuluka, ndi ziphuphu zomwe. Koma waulesi wakale unkamuona, unkadziwa kumene amamwera tiyi, unkatha kumudikirira pakhomo mpaka achite manyazi. Walero amabisala kuseri kwa kompyuta n'kukuuza kuti yalakwa ndi sisitemu, ngati kuti sisitemuyo ndi mvula yochokera kwa Mulungu.

Ulendo woyamba wokafuna setifiketi ija ku ofesi m'tauni tinapeza magetsi atazima. Wachiwiri magetsi analipo, sisitemu itagwa. Wachitatu zonse zinalipo, koma wodziwa manambala otsegulira kompyuta anali ku semina ku Mangochi. Wachinayi tinamupeza: kalaliki wa zaka za mwana wanga wotsiriza, mawaya ali m'makutu. Anatayipa ndi zala ziwiri, osatiuza n'kuti khalani pansi.

"Zapita ku likulu. Mudzalandira uthenga pafoni."

"Liti, bambo?" anafunsa alamu.

"Sisitemu ikavomera."

Ulendo uliwonse unkadya nkhuku imodzi, poti minibasi siikwereka ndi mpango wakuda. Pofika wachinayi m'khola munatsala nthenga zokha.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa mwezi, yabwino, yolowa pansi. Alamu anadzala mbewu yamakolo imene Faisoni anaisunga yekha padenga la khitchini, ndi nandolo m'kati mwake. Ine ndinkapita Loweruka lililonse kukagwira nawo khasu, poti kamunda kanga ka ku Sadzi ndi kongokwana kuyanikapo zovala.

Pa depoti mizere imene inatha ija inali itafika kumsewu waukulu. Anthu ankapita ndi mikeka ndi miphika. Woyandikana nawo munda alamu, Che Saidi, amene ali ndi okala pa Songani, ndiye anali kalikiliki. Munthu amene analibe ndalama yowombolera matumba ake ankapita naye limodzi pa depoti, kuima pachithunzi, Che Saidi kulipira, matumba kukwera njinga ya Che Saidi, mwini dzina kubwerera ndi kaufa ka masiku anayi. Katangale amene anati watha uja anali atangogula foni nayenso.

Disembala

Uthenga wa setifiketi sunabwere. Alamu anatenga chiphaso cha malemu n'kukaima pamzere masiku atatu. Atafika patebulo, kalaliki anati mwini wake abwere yekha.

"Mwini wake ali kumanda."

"Pano akuoneka kuti ali moyo. Wotsatira!"

Loweruka limenelo ndinapeza chimanga chili m'mawondo, chachikasu, choonda ngati udzu wofolerera. Che Saidi anaima kumalire a munda wake, kumene chimanga chinali bii, n'kundiyang'anitsitsa.

"Che Wedi, inu ndi malemu nkhope ndi imodzi. Imvi zokhazo. Valani chipewa mukaime pamzere. Ana a pa depoti aja sayang'ana munthu, amayang'ana foni."

"Ine ndatumikira boma zaka makumi atatu," ndinatero. "Zimenezo ayi."

"Ndiye lakupatsani chiyani bomalo?"

Alamu anali akupalira chapafupi, ndipo sanadzutse mutu. Masana titakhala pakhonde anandiikira chikho cha thobwa pansi, pambali pake n'kuikapo chiphaso chija.

"Alamu, sindikukukakamizani. Koma munda mwauona. Mwanayunso mwamuona."

Chisomo anali pabwalo, akuphika dothi m'chigoba cha sopo. Ndinamwa thobwa, ndinaika chiphaso m'thumba la malaya. Kunyumba mkazi wanga atamva anangoti, "Akakugwirani, ine phala lokapereka kundende ndilibe." Anandifunira yekha chipewa.

Ndinaima masiku awiri. Tsiku loyamba netiweki inabwera kwa ola limodzi n'kuthawa. Lachiwiri masana kalaliki anayamba kuitana maina a ziphaso zimene anatolera.

"Faisoni!"

Ine ndinangoima, ndikuyang'ana kwina. Dzinalo ndinali nditazolowera kulimva likuitanidwa kwa wina.

"Faisoni!"

Mayi wina kumbuyo kwanga anandigunda ndi chigongono. Ndinamuzindikira: ankaphika nawo pamaliro a Faisoni, anandipatsa yekha madzi osamba m'manja titachoka kumanda.

"Akukuitanani, a Faisoni," anatero, nkhope ili gwa.

Theka la mzere umenewo linaimba nawo nyimbo pamaliro a mng'ono wanga. Palibe anandiulula. Ndinayenda kupita patebulo.

"Gwirani chiphaso pachifuwa. Yang'anani kuno."

Sanadzutse maso ngakhale kamodzi. Foni inalira kamodzi, iye n'kuti, "Zatheka." Makina amene anabweza mayi wamoyo masiku atatu analandira munthu wakufa mosaphethira n'komwe.

Ndinalipira za matumba awiri, ndalama za mbuzi imene alamu anagulitsa. Anandipatsa limodzi, wokulitsa. Wobereketsa anati watha, ndibwere sabata ya mawa. Sabata ya mawayo sinafike mpaka lero. Koma ndisanafike n'komwe kumudzi, kafoni ka mabatani ka malemu kanali katalira kale m'manja mwa alamu: a Faisoni, mwalandira matumba awiri, zikomo pogwiritsa ntchito njira yamakono.

Nditatsitsa thumba panjinga ya kabaza, alamu analisisita ndi dzanja n'kuti, "Zikomo, alamu." Koma ankayang'ana pansi. Ndinavula chipewa msangamsanga. Anatha milungu ingapo akundilankhula atayang'ana kumbali.

Januwale

Tinathira pakati pa Khisimisi ndi Chaka Chatsopano, ndi kachitsekero ka botolo phando lililonse. Thumba limodzi linakwana theka la munda, mbali ya kumtunda. Sabata yoyamba mvula inagwa bwino, chimanga chinada, mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinkadziuza kuti tchimo lake lakula, komabe labala.

Kenako mvula inadula. Mitambo inkasonkhana pamwamba pa phiri masana alionse, yakuda bii, ife n'kuthamangira kukachotsa zoyanika, iyo n'kumwazikana. Sabata, masabata awiri, atatu. Masamba a chimanga anapotana ngati a anyezi. Choyamba kupsa chinali chija tinathira feteleza. Unkati ukadutsa m'munda masana, kumveka phokoso ngati ukuponda mapepala.

Alamu ankatchajitsa kafoni kaja kwa ometa tsitsi pa Songani, kulipira ulendo uliwonse, kudikira uthenga wa setifiketi. Mauthenga ankabwera ndithu, tsiku ndi tsiku. Mlimi wokondedwa, ino ndi nthawi yothira feteleza wobereketsa. Mlimi wokondedwa, kukubwera mvula yamphamvu m'dera lanu, lambulani ngalande. Ndinkawawerengera ine, titakhala pansi pa mtengo wa mango, kumwamba kuli mbee. Munthu amene ankalemba zimenezo ndikanakonda nditamuona manja ake.

Pamsika ndowa ya chimanga inkadzuka ndi mtengo wina n'kugona ndi wina. Pakutha pa mwezi inali itawirikiza. Mavenda anasiya kugulitsa pa ndowa, anayamba pa mbale, kenako timapepala ta ufa tokwana m'dzanja. Madeya amene tinkathira nkhumba anakhala ndi mzere wake pachigayo, amayi kukanganirana, mwini chigayo atakhala pampando ngati woweruza milandu.

Mphekesera ndiye zinali zokolola zokha za mwezi umenewo. Akuti malole a chimanga akuwoloka malire. Akuti sitima yadzaza mpunga ili panjira. Akuti onse ojambulidwa pa depoti nkhope zawo azigulitsa kwa anthu a zamizimu kunja. Ine ndinkawauza kuti asiye zopusazo. Sindinkadziwa kuti zoona zake zidzakhala zopusa kuposa pamenepo.

Febuluwale

Uwu ndiwo mwezi umene sindifuna kuukumbuka, koma ndi umene umandibwerera.

Anthu ankadya nthochi zosakhwima, kenako zitsa zake. Amene anasunga kalongonda ankamuphika tsiku lonse, kutaya madzi kasanu, poti ukachita changu amakuzunguza mutu. Bonongwe ndi chisoso zinatha m'mbali mwa njira. Mabanja ena anagulitsa malata a padenga n'kufolera pulasitiki. Mnzanga wina wa kutchalitchi ananyamuka ndi banja lonse kupita kwawo kwa makolo, ku Mozambiki, kukalima ganyu wolipidwa makaka.

Alamu, mayi woyandikira zaka makumi asanu ndi limodzi, anayamba kukwera phiri. Ankanyamuka kukucha, kukatola nkhuni m'nkhalango mozemba alonda, n'kutsika nazo pamutu, mtolo wautali kuposa iwo, khosi likunjenjemera. Mtolo umodzi unkagula kapepala kamodzi ka ufa. Kwathu ku Sadzi nafenso tinkadya kamodzi patsiku, poti penshoni ya mesenjala imatha usanatuluke pachipata cha banki. Chimene mkazi wanga ankapatula ndinkapita nacho Loweruka, m'kajumbo.

Pakati pa mwezi kunamveka kuti chimanga chaulere chafika, thumba limodzi banja lililonse lovutika. Ulendo uno sinali mphekesera. Malole anaima pabwalo la sukulu lomwe lija. Alamu anapita ndi Chisomo kumbuyo, ine ndinapita kukawasenzera.

Kalaliki anajambula chiphaso chawo n'kupukusa mutu.

"Mutu wa banja lanu ndi a Faisoni. Analandira feteleza matumba awiri. Wolandira feteleza salandira chimanga, ndiye kudya pawiri kumeneko."

"Fetelezayo anapsa m'munda, bambo. Linali thumba limodzi."

"Pano palembedwa awiri."

Mayi wina wa pa tebulo lomwelo, amene mtima unali usanaume, anatinong'oneza kuti pali gawo lapadera la amayi amasiye olera ana. Chofunika ndi setifiketi ya imfa basi.

Kumbuyo kwathu anabwezedwa onse aja anaima pachithunzi cha Che Saidi. Feteleza sanamuone, chimanga anachimanidwa. Che Saidi tsiku limenelo okala yake anatseka.

M'mawa mwake tinali m'tauni, kwa kalaliki wa mawaya m'makutu. Magetsi analipo, sisitemu inali yamoyo, zonse zinali bwino. Anatayipa dzina n'kuseka chapamphuno.

"Pempho lanu analikana kalekale. Munthuyu anaoneka pa depoti mu Disembala."

Anatembenuza kompyuta kuti tione. Ndinadziona ndekha: chipewa chofika m'maso, chiphaso pachifuwa, pakamwa pali pololo ngati mbuzi yoona mpeni. Kalaliki anayang'ana chithunzicho, anandiyang'ana ine nditaima pomwepo mamita awiri, sanaone kanthu. Anatembenukira kwa alamu.

"Mukuona? Amuna anu ali moyo. Mayi, kunamizira munthu imfa pofuna thandizo ndi mlandu. Mwayamba mwakula, musamatero."

Alamu anasambitsa mtembo wa mwamuna wawo m'maso, anagona pansi mwezi wathunthu. Lero kamwana kosadziwa kumanga lamba kakuwauza kuti ndi wabodza. Ine sindinaulule kuti wa pachithunzipo ndine. Ndikunena poyera: ndinachita mantha.

Tili panja, pansi pa mitengo ikuluikulu ija ya pa maofesi, ndinayamba kupepesa.

"Musatero, alamu," anatero. "Ndinakupemphani ndine. Tiyeni, mwana ndamusiya kwa eni."

Chisomo anali atasiya kusewera. Ankangokhala pakhonde atatsamira khoma. Tsitsi linayamba kufiira, mapazi kutupa. Ndinadina ndi chala pamwamba pa phazi lake, dzenje linatsala pomwepo.

Malichi

Lolemba loyamba la mweziwo ndinavala jekete yanga ya kaki ya kuntchito, ndinaika bulangete ndi mswachi m'jumbo, ndinatsanzika mkazi wanga. Ndinati ndikadzipereke. Andimange, koma mng'ono wanga alembedwe kuti anamwalira, mwana adye.

Ndinapempha kuonana ndi bwana wamkulu wa ofesiyo. Anandidikiritsa pabenchi kuyambira m'mawa mpaka mabelu a nkhomaliro atadutsa. Chitseko chake ndinkachidziwa bwino, chogwirira chake ndinkachipukuta ndine kale. Nditalowa ndinapeza mwamuna wa zaka zosafika makumi anayi, mafoni awiri patebulo, yachitatu m'manja. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa thobwa mpaka pa chithunzi. Iye chala chinkangoyenda pagalasi.

"Ndiye madala, mukufuna ndikuchitireni chiyani?"

"Mundimange. Koma mukonze kuti Faisoni anamwalira mu Ogasiti, ndipo thumba linali limodzi."

Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anaika foni pansi.

"Pafomu palibe polemba zimenezo. Chimene chalowa, chalowa. Ochotsa ali ku likulu, ndipo a kampani imene inapanga makinawa kontrakiti yawo inatha, anapita kwawo." Anatsitsa mawu. "Komanso taganizani. Ndikalemba zimenezi ndiye kuti ndikunena kuti sisitemu inapusitsidwa ndi chipewa. Lipoti tinatumiza kale kuti kuno zonse zinayenda bwino. Mukufuna ndichotsedwe ntchito chifukwa cha thumba limodzi? Pitani kunyumba, madala. Sindinamve kanthu."

Ndinatuluka ndi bulangete langa. Pa moyo wanga ndanyozedwapo ndi azungu, ndi mabwana akuda, ndi akazi a mabwana, koma sindinanyozedwepo chotere: kudzipereka wekha ngati wakuba, boma n'kukupeza kuti sukwana ngakhale kumangidwa. Setifiketi ija mpaka lero sinatuluke.

Chisomo anapulumukira kwina. Alamu anamubereka kupita naye pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo. Namwino wake, mayi wonenepa wokalipakalipa, anamuyeza mkono ndi kalamba, anamudina phazi, n'kukalipira alamu chifukwa chochedwa. Anatsegula buku lalikulu long'ambika chikuto, anafunsa dzina la mwana ndi mudzi, analemba ndi bolopeni yomangirira ulusi. Anawapatsa mapaketi a chiponde a masabata awiri. Sanafunse kuti mutu wa banja ndani. Pakutha pa mwezi mapazi anaphwa, mwana anayambanso kulongolola.

Ena sizinawathere choncho. M'mudzi wa alamu mokha munachitika maliro atatu mwezi umenewo, awiri a ana. Pamaliro panalibe chophika. Anthu ankangoika n'kubalalika.

Mvula inali itabwerera, yochedwa, yopanda manyazi. Chimanga inachipeza chitapita kale. Koma maungu anayala, ndipo aliyense anathamangira kholowa wa mbatata, kubzala paliponse pamene panali dothi, ngakhale m'mbali mwa msewu. Dzungu loyamba alamu anandisungira chibanthu, ndinadya ndi makoko omwe.

Meyi

Kunayamba kuzizira, nkhungu ikutsika m'phiri m'mawa. Tinakolola. Mbali ya kumtunda, ya feteleza, inatipatsa mapesi. Mbali ya kumunsi, kumene kumasunga chinyezi, kunatuluka tizitsononkho tokwana matumba atatu osadzaza. Nandolo yekha ndiye anaima bwino, ngati sanamve kuti kunali chilala. Pamsika mtengo unagwa tsiku limodzi, poti tsopano ogulitsa anali alimi, ogula anali mavenda.

Loweruka lina tinali pabwalo, ine ndi alamu, tikutonola chimanga pamkeka, Chisomo akutola njere zogwera pansi. Tinamva galimoto. Ziwiri, zoyera, zinaima pamene njira imathera. Munatuluka bwana wa jekete yabwino, mtsikana atanyamula chifoni chachikulu ngati mbale, ndi wina wa kamera. Mtsikanayo anali ndi malaya a pulogalamu ndi kapu, zatsopano, zili m'pulasitiki.

"Odi! Pano ndi pa a Faisoni?"

"Ndi pano," anatero alamu.

Bwana anafotokoza mokondwa. Kompyuta yasankha alimi angapo amene analandira matumba onse awiri pa nthawi yake popanda vuto. A Faisoni ndi mmodzi mwa amwayiwo. Akufuna awaveke malayawo, awajambule ataima pa nkhokwe, anene mawu awiri atatu a mmene njira yamakono yasinthira moyo wawo. Zikaonetsedwa kumsonkhano waukulu, kudzakhala ndi alendo ochokera kunja.

Ine ndinayamba kudzuka. Alamu anandigwira mkono.

"Khalani kaye, alamu." Anakutumula chitenje, anamanga bwino. "Mukufuna a Faisoni? Tiyeni ndikuperekezeni."

"Ali kumunda?"

"Si patali."

Anatsogola. Sanawadutsitse njira yabwino ya kuchitsime. Anawalowetsa m'munda, kudumpha mizere, kudutsa m'mapesi opsa aja a kumtunda, nsapato zonyezimira zikumira m'dothi, chisoso chikumata mathalauza. Ine ndinali pambuyo ndi Chisomo. Anthu a m'mudzi ataona anayamba kutsatira chapatali, mmodzimmodzi, osalankhula. Wa kamera ankajambula msana wa alamu, akuganiza kuti nkhani yayamba bwino.

Anaima pamene minda imathera, patsogolo pa kankhalango ka mitengo yosadulidwa. Aliyense wobadwira m'dziko muno amadziwa kuti mitengo yotero imatanthauza chiyani. Wa kamera anatsitsa kamera yake.

"Ine ndithera pano," anatero alamu. "Ali umo. Mtumbira wachitatu kuchoka pa mkuyu uwo. Aitaneni. Ine ndawaitana miyezi isanu ndi inayi, sakundiyankha. Kapena inu a makina akuyankhani, poti kwanuko akuti ali moyo."

Kunkangomveka njiwa m'mitengomo. Mtsikana uja anayang'ana pagalasi pake, anandiyang'ana ine, anayang'ananso pagalasi. Ndiye munthu woyamba wa boma chaka chonsecho amene anayerekeza chithunzi ndi nkhope.

"Inde, mayi," ndinatero. "Wa pachithunzipo ndine. Ndine mkulu wake. Thumba linali limodzi, ndipo linapsera m'munda mwadutsamo umu. Kuofesi ndinakanena, anandibweza."

Mtsikanayo anabisa malaya aja kumbuyo.

"Bwana, ndilembe chiyani?" anafunsa motsitsa mawu. "Pali zosankha zitatu zokha. Wapezeka. Wakana kuyankha. Sanapezeke pakhomo."

Bwana anali atawerama, akuthothola chisoso pa thalauza, kanjere kamodzikamodzi. Sanayang'ane kumanda, sanayang'ane alamu.

"Dinani chachitatucho."

Anadina. Anatembenuka kubwerera ku galimoto zawo, ulendo uno okha, akufunsa ana njira yachidule. Anthu a m'mudzi anawapatukira osawapatsa moni.

Alamu anaima kanthawi akuyang'ana m'mitengo muja. Kenako anawerama, ananyamula Chisomo n'kumuponya kumsana.

"Tiyeni, alamu," anatero. "Mbuzi za eni zitidyera chimanga."